Mabuku a m'Firiji ya Levy Daka

Levy Daka anabadwira kumudzi wina kufupi ndi Katete, koma mudziwo sankaukumbukira bwino. Bambo ake atamwalira, amalume ake anamutenga ali wamng'ono n'kupita naye ku Lusaka, ndipo anakulira mu Chawama, m'kanyumba komwe ana ankagona mothithikana mpaka kupumirana m'makosi. Sukulu anaisiyira panjira. Amalume akewo anakamupereka kwa mnzawo wokonza mafiriji ku Kamwala, ndipo kumeneko anaphunzira ntchito imene inamudyetsa moyo wake wonse: kumvetsera kulira kwa kompuresa, kuwotcherera timapaipi, ndi kuthira gasi m'firiji imene yasiya kuziziritsa.

Tsiku lina ali mnyamata, anapita ndi abwana ake kukakonza firiji kunyumba ina yakumayadi. Firijiyo inali yopendekeka, ndipo mwendo umodzi anauchirikiza ndi buku. Atamaliza ntchito, mayi wa panyumbapo anati bukulo alitaye. Levy analiika m'thumba la ovolosi. Pachikuto pake panali munthu ataima pamchenga wofiira, mutu wake uli m'chigoba chagalasi, kumwamba kukuoneka madzuwa awiri. Kumbuyo kunali chithunzi cha wolemba wake, mzungu wa ku Amereka wowonda nkhope, wamagalasi aakulu ochindikala.

Chingerezi cha Levy chinali chopunduka, motero bukulo analiwerenga ngati munthu wowoloka madzi a dzinja mu Kanyama, kuponda mwala uwu, kuima, kufunafuna wina. Koma anafika nalo kumapeto, ndipo atafika anayambanso. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse akaweruka ankadzera m'tauni, pamene anthu amayala mabuku akale pansi m'mbali mwa msewu. Ankasanthula pakati pa mabuku a sukulu ndi Mabaibulo ong'ambika, kufunafuna nkhope ija ya magalasi. Ogulitsa anamuzolowera. Akapeza limodzi ankamusungira.

Moyo wa wolembayo Levy anachita kuulumikiza yekha kuchokera m'timawu ta kumbuyo kwa mabuku. Anali mwana wa mlimi amene chilala chinamulanda munda. Anayamba ndi kukonza mawailesi, ndipo ichi Levy ankachikonda kwambiri, chifukwa ankati munthu wodziwa fungo la waya wopserera ndi mbale wake. Nkhani zake zoyamba ankazigulitsa kwa osindikiza timagazini ta pepala lotsika mtengo. Kenako anapita kunkhondo, komwe ankakonza injini za ndege, ndipo atabwerako zolemba zake zinasintha. M'mabuku oyamba, anyamata olimba mtima ankauluka kupita ku nyenyezi n'kubwerera akuseka. M'mabuku apakati munali mizinda yovindikiridwa ndi galasi, ndi makina amene ankayamba kukana mawu a eni ake. Koma mabuku a ukalamba wake sankapitanso kutali. Ankachitikira m'titauni ting'onoting'ono, ndipo choopsa chinkabwera masana, anthu akuyanika zovala. Buku lomaliza analilemba maso atafa, akulankhula, mkazi wake akulemba. Pamene Levy ankatola buku lija pansi pa firiji, mwiniwakeyo anali atagona kale kumanda.

Levy anakwatira Mwiche, mkazi wamtali wochokera kumpoto, amene ankagulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika wa Chawama. Dzina la wolemba uja linkamukanika pakamwa, choncho anangomutcha ba Magalasi.

"Pa nyumba pano tili bakazi babili," ankatero akamapukuta fumbi pashelefu. "Ine na ba Magalasi. Koma bena sibaphika."

Anabereka mwana mmodzi, Karen, amene anakula n'kukwatiwa ku komboni ya Mtendere. Levy anatsegula malo ake okonzera mafiriji pabwalo la nyumba yomwe ankachita lendi. Anali munthu wofatsa, wosamwa, woimba besi m'kwaya ya mpingo. Akanatha kukalamba popanda wina kumutchula, pakanapanda babashopu ya Rex.

Rex anali mnzake wa paubwana, wamfupi, wokonda kuseka, ndipo kababashopu kake ka malata kanali pafupi ndi siteji ya minibasi. Chaka chimene magetsi ankazima tsiku lathunthu, makina ometera ankangokhala pakhoma, amuna n'kumadikira pabenchi. Lamulungu lina masana, pofuna kutayitsa nthawi, Levy anawafotokozera nkhani ya m'buku limodzi. Sanawerenge ayi. Anaikamba m'Chinyanja cha mukomboni, mizinda ya ku Amereka n'kuisandutsa makomboni a Matero ndi George, woyendetsa chombo cha mumlengalenga n'kumupatsa pakamwa pa kondakitala. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Lamulungu lotsatira benchi linachepa. Ena ankabwera ndi zidebe zokhalira, ndipo Kombe, dalaivala wa minibasi wamimba yaikulu, ankaimika basi yake n'kutaya ulendo wathunthu kuti amve mathero.

Nkhani imene inawagwira mtima kwambiri inali ya m'buku lina la ukalamba. Alendo ochokera kudziko lina anafika m'tauni ina atavala zophimba kumaso zokhala ndi chitamba ngati cha njovu. Ankayenda khomo ndi khomo kupopera nkhungu yoyera pansi pa zitseko. Ogona m'nyumbamo ankadzuka ali bwinobwino, koma ataiwala abale awo. Mayi ankayang'ana mwana wake n'kufunsa kuti mwanayu ngwa yani. Levy ankadziwa kuikamba. Ankatsitsa mawu, n'kutsanzira kulira kwa mpope ndi mano, ndipo ngakhale Sydney, wowotcherera zitsulo amene ankati saopa kanthu, ankasuzumira kukhomo. Anamuuza kuti aibwereze kangapo konse, ndipo iye ankaibwereza mokondwa.

Kumayambiriro kwa chaka cha 2020, mphekesera inatsika kuchokera ku Kopala, dera la migodi. Ankati kuli anthu opopera mankhwala m'nyumba za anthu kuti akomoke, kenako awapope magazi. Anawatcha magasa. Palibe amene Levy ankamudziwa amene anaonapo mmodzi, koma aliyense anali ndi msuweni amene anaona. Mphekeserayo itafika mu Lusaka, makomboni anasiya kugona. Anyamata ankalondera ndi zibonga ndi zikwanje. Kukamveka likhweru, azimayi ankamenya mapoto ndi zitini mpaka komboni yonse kuwira. Anthu anatseka mipata ya mawindo ndi nsanza zonyowa. Ndipo m'mafoni munayamba kuyenda zithunzi za anthu ogwidwa: wina chifukwa ananyamula botolo la mafuta onunkhira, wina chifukwa anafunsa njira, nkhalamba ina chifukwa inalephera kutchula dzina lake msanga. Ena anawaphwanya ndi miyala. Ena anawaveka tayala.

Tsiku lina Mwiche anabwerera kuchokera kumsika dzuwa lisanafike pamutu, mtolo wa salaula usanamasulidwe n'komwe. Anapeza mwamuna wake atagwada kuseri kwa firiji, botolo la gasi lili pambali.

"Bashi Karen, ngenani mu nyumba," anatero. Ndi mmene ankamutchulira, mwa chikwawo.

Atalowa, Mwiche anatseka chitseko n'kuchitsamira.

"Ku maliketi bakamba za imwe."

"Za ine? Nachita chani?"

"Bati muli na gasi pa nyumba. Bati munakamba kudala kuti vizachitika, bantu bazabwela kupopela pansi pa viseko. Bafunsa ati munaziba bwanji."

Levy anaseka pang'ono.

"Amake Karen, ija ni nkhani ya mu buku. Munthu anailemba kudala, ine nikali mwana."

"Muzabauza ivo bakabwela na myala? Mabuku aya muyaoche lelo. Napapata," anamuchonderera motero.

Levy anayang'ana pashelefu. Anali mabuku amene anawatola limodzilimodzi kuyambira ali mnyamata, ena omata ndi tepi, ena onunkha chinyezi cha madzi amene analowa m'nyumba chaka china. Anatenga machesi ndi mabukuwo n'kutuluka nawo kuseri. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anaganiza kuti utsi ungaitane anthu, ndipo ganizo limeneli analilandira ndi manja awiri, chifukwa linamupatsa pothawira. Pabwalo panali firiji yakufa, yaikulu, imene mwiniwake anaisiya kalekale. Anasanja mabuku onse mmenemo, natseka chitseko, nachimanga ndi waya. Mwiche anamuyang'ana, kenako anakagona chafufumimba pabedi.

Lamulungu lotsatira Levy anapita kwa Rex monga mwa masiku onse. Atangolowa, macheza anaduka. Amuna amene anali pabenchi anayamba kuyang'ana mafoni awo. Sydney anaimirira, nalavula pakhomo, nachoka. Rex anapitiriza kumeta mutu umene unali utametedwa kale, kenako anamukokera mnzake panja.

"Mudala, musabwele masiku yano," ananong'ona.

"Naiwe Rex?"

"Ine niziba ndimwe bantu babwino. Koma nili na bana. Shopu iyi ni ya malata chabe."

Pobwerera kunyumba, Levy anaona kwa nthawi yoyamba kutalika kwa njira imene anaiyenda moyo wake wonse. Mayi wogulitsa makala amene ankamupatsa moni tsiku lililonse anawerama n'kumasanja makala osanjika kale. Makatani ankagwedezeka akamadutsa. Msana wake unkanyerenyetsa ngati pali maso okakamira pamenepo, koma akacheuka ankangoona nkhuku ndi madzi oima.

Masiku amenewo chakudya chinkamukanika. Ankafuna kusiya ntchito, koma ankaopa kuti akabisala anena kuti akudziwa mlandu wake. Ankafuna kuthawira kwa Karen, koma ankaopa kuti munthu wonyamula katundu nthawi ngati imeneyo safika pasiteji. Chilichonse chimene ankaganiza chinali ndi mano.

Khomo loyandikana nalo linali la Felistus, mayi wamasiye wogulitsa nsomba zouma, amene ankakhala ndi mpongozi wake woyembekezera. M'mawa wina kunamveka kukuwa. Felistus anatuluka akudzandira, atagwira mutu, akusanza. Mpongoziyo anthu anachita kumutulutsa atamunyamula, ali lende. Anamuthira madzi, anamukupiza ndi chitenje, ndipo patapita nthawi anatsegula maso. Anthu anadzaza pabwalo. Mawu anali amodzi okha pakamwa pa aliyense: agasidwa.

Levy anathamangira komweko monga mnansi. Posuzumira pakhomo anaona mbaula pakati pa chipinda, phulusa lake likadali lofunda, ndi mawindo otsekedwa ndi nsanza mpaka pomaliza. Mtima wake unapepuka, chifukwa anaganiza kuti wapeza chimene chingatonthoze anthu.

"Ba Felistus, ni mbaula iyi," anatero. "Munagona nayo mukati, mawindo yonse yovala. Utsi wa malasha umachita so."

Felistus anamuyang'ana ndi maso ofiira.

"Imwe muziba bwanji vamene vili mu nyumba mwanga?"

"Naona chabe apa manje..."

"Nanga mufuna kutiuza chani? Ati tazigasa teka?"

Anthu anangopatuka kumupatsa njira, ndipo kupatukako kunamuopsa kuposa chipongwe. Anabwerera kwake.

Tsiku lomwelo anali atalonjeza kukathira gasi m'firiji ya butchala ina ku Kanyama, komwe nyama inali itayamba kununkha. Mwiche anali atapita kale kumsika. Levy anakulunga botolo la gasi m'thumba la ufa, nalinyamula paphewa, napita. Ntchito anaigwira mwachangu. Mwini butchala anamuperekeza mpaka pamsewu, akuuza aliyense wokumana naye kuti uyu ndi wokonza firiji, ndikumudziwa.

Anatsika minibasi mu Chawama dzuwa litapendeka pang'ono. Akukhota pakona ya kwawo, anamva phokoso ngati la msika. Anaganiza zobwerera. Koma anakumbukira kuti Mwiche amabwera kunyumba nthawi ngati imeneyo, ndipo miyendo inamutengera kutsogolo.

Pabwalo pake panali anthu osawerengeka. Chitseko cha nyumba chinali chothyoka, matiresi ali panja. Firiji yakufa ija inali yotsegula, waya atadulidwa, mabuku ali mbwee m'matope. Munthu wina wotchedwa Dumi, amene ankagulitsa mafuta a galimoto m'zigubu, anali ataimirira pa firiji ina, atakweza buku m'mwamba. Linali lija la nkhungu. Pachikuto pake panali anthu atatu ovala zophimba kumaso za chitamba, atanyamula mipope, ataima pakhomo la nyumba.

"Onani!" Dumi ankakuwa. "Buku yao yophunzililamo! Ngati ni nkhani chabe, anabisila chani mu filiji?"

Mayi wina anatembenuka n'kumuona Levy.

"Uyo! Na gasi yake pa phewa!"

Levy anaponya thumba pansi. Botolo linagubuduka n'kutuluka, lobiriwira, likuwala padzuwa. Anthu anabwerera m'mbuyo akukuwa, ena atatseka mphuno ndi malaya. Kanthawi kochepako akanatha kuthawa. Koma thupi lake linauma ngati chitsa. Anangokweza manja.

"Ni ya mafiliji," anatero, ndipo mawu ake anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana. "Bonse muniziba. Ba Sydney, filiji yanu ninakonza ndine."

Anamugwira. Anamukokera pakati pabwalo n'kumugwadiritsa pamabuku ake. Nkhope zonse zinali zodziwika: wa m'kwaya, wogulitsa makala, mwana wa landilodi, amuna amene ankaseka naye pabenchi. Chimene chinamuzizira m'mafupa n'chakuti nawonso ankaopa. Maso awo anali otuluka. Ankamuyang'ana ngati njoka imene yalowa m'chipinda cha ana.

Wina anamukankhira Rex kutsogolo.

"Kamba iwe! Mu shopu yako anakamba olo sanakambe?"

Rex anayang'ana pansi. Dumi anamugwira pakhosi pa malaya.

"Anakamba," Rex anatero. "Koma inali..."

Mawu otsalawo anamizidwa. Chibonga choyamba chinamupeza Levy paphewa. Anagwa chammbali, nabisa mutu ndi manja, ndipo anamva zala zake zikuthyoka pansi pa chinthu cholemera. Mwala unamumenya kumaso, dziko lonse n'kusanduka lofiira. Ankamva fungo la matope ndi la pepala lonyowa. Kenako anamva fungo lina, la petulo. Ndi diso limodzi lotsala anaona Sydney akugubuduza tayala, akubwera nalo pang'onopang'ono pakati pa anthu amene ankamupatsa njira.

Pamenepo chinthu cholemera chinamugwera pamwamba. Anali Mwiche. Anali atathamanga kuchokera kumsika wopanda nsapato. Anagona pa mwamuna wake, namukumbatira mutu, nakuwa ndi mawu amene Levy anali asanawamvepo.

"Muyambe ine! Tilani petulo pa ine! Felistus, nenze na iwe pa malilo ya bamuna bako! Niyangane!"

Anayesa kumukoka miyendo, koma anakakamira. Zibonga zina zinagwera pamsana pake. Ena anayamba kuzengereza, chifukwa kumenya mayi amene anakugulitsa malaya a mwana wako si chinthu chapafupi, koma akumbuyo, amene sankaona bwino, ankakankha akutsogolo.

Mwadzidzidzi kunamveka hutala yosalekeza. Minibasi inalowa m'kanjira kopapatizako mothamanga, ikumwaza matope, ikugwetsa mipanda ya mapulasitiki. Anali Kombe. Anali atamva nkhaniyo pasiteji, basi ili ndi anthu kale. Anatulutsa mutu pawindo.

"Masoja! Masoja babwela! Bali pa kona, bawombela!"

Masiku amenewo asilikali ankayendayenda m'makomboni, choncho palibe amene anaima kuti afunse. Gulu linabalalika ngati mbalame zoponyedwa mwala. Azimayi awiri amene anali m'basimo, anthu osamudziwa Levy n'komwe, anatsika n'kuthandiza Mwiche kumukokera mkati. Kombe anabwerera chambuyo njira yonse mpaka pamsewu. Pamene anthu ankazindikira kuti kulibe msilikali aliyense, basi inali itapita. Miyala ingapo inaswa galasi lakumbuyo.

Levy anagona pansi pakati pa mipando, mutu uli pamiyendo ya mkazi wake. Ankamva Kombe akutukwana ndi kupemphera mosinthanasinthana. Basi ikachepetsa liwiro, iye ankaganiza kuti awapeza, n'kuyesa kukwawira pansi pa mpando.

Kuchipatala anakhalako milungu ingapo. Diso lakumanzere silinapulumuke, ndipo zala ziwiri za dzanja lamanja zinapola zopindika. Apolisi anabwera, anafunsa mafunso, anayesa botolo lija, napeza kuti ndi gasi wa mafiriji. Za kunyumba anazimva kwa Karen. Gulu lija litabwerera, linaunjika mabuku onse pa tayala lija n'kuyatsa. Katundu wa m'nyumba anatha. Mafiriji a makasitomala nawo anapita.

Atatuluka, anakakhala kwa Karen ku Mtendere, m'kachipinda kakuseri. Mphekesera ya magasa inazilala yokha, monga mmene inabwerera, ndipo pasanapite nthawi kunabwera matenda a korona. Tsiku loyamba limene Levy analimba mtima kutuluka kukafika pamsewu, anapeza anthu onse atavala zophimba kumaso. Ankangoona maso okhaokha. Sankatha kudziwa amene akumwetulira ndi amene akumuzindikira. Anabwerera akuthamanga, nadzitsekera, ndipo Mwiche anamupeza atakhala pansi kuseri kwa chitseko.

Zinatenga nthawi kuti ayambenso ntchito. Mkamwini wake anamupezera malo kwa munthu wina wokonza mafiriji pafupi ndi msika wa Mtendere, ndipo Levy anavomera pokhapokha atamulonjeza kuti botolo la gasi sadzalinyamula pamsewu. Ankagwira ntchito kuseri kwa shopu, nkhope italoza kukhomo. Kutchalitchi ankakhala pampando wakumapeto. Ana akamenya chitini posewera, iye ankasiya chimene wagwira. Anthu a ku Mtendere ankamudziwa ngati mdala wa diso limodzi wosakonda kulankhula, ndipo sankadziwa kuti pakamwa pomwepo pankaimitsa minibasi.

Patapita zaka zingapo, Kombe anamwalira ndi matenda a shuga. Uthenga utafika, Levy ananena kuti apita ku maliro. Chichokereni anali asanapondemo mu Chawama.

"Simufunika kuyenda," anatero Mwiche. "Nizayenda neka. Bazamvela."

"Munthu uja anaphwanyisa basi yake chifukwa cha ine," Levy anayankha. "Nizayenda."

Anapita m'mawa, atavala jekete lakuda ndi chipewa chokokera kumaso. Panyumba ya maliro, Mwiche analowa mkati kwa azimayi, ndipo iye anatsala panja ndi amuna, pansi pa tenti. Anasankha mpando wotsamira khoma.

Palibe amene anamuponyera mawu oipa. Chimenecho ndicho chinamusokoneza. Anthu ankabwera kudzamugwira chanza ndi manja awiri. "Ba Levy, mwasoba! Muli kuti masiku yano?" Felistus anadutsa ndi beseni la madzi osamba m'manja, atabereka mdzukulu kumsana, nagwada pang'ono pomupatsa moni. Rex anakhala kutsidya kwa tenti, tsitsi litayera, ndipo nthawi yonseyo ankayang'ana nsapato zake.

Kenako munthu wina anakoka mpando n'kukhala pafupi naye, mbali ya diso lakufa. Levy anachita kutembenuza mutu wonse kuti amuone. Anali Sydney. Anali atanenepa, atavala yunifolomu ya amuna a mumpingo.

"Ba Levy! Mulungu ni wabwino, mukali moyo," anatero, akumugwira bondo. "Nenze kumifunani. Filiji yanga yaleka kuzizila. Aba banyamata ba manje sibaziba nchito. Simungapiteko tikachoka ku manda?"

Levy anayang'ana dzanja limene linali pabondo pake. Anafufuza pankhope ya Sydney kuti aone ngati pali manyazi, kapena chipongwe, kapena chilichonse. Panalibe. Munthuyo ankangofuna kuti firiji yake ikonzedwe.

"Nizaona," Levy anatero.

"Na nkhani zija timazisoba, mudala. Chawama inazizila kuchokela pamene munayenda."

Levy anaimirira pang'onopang'ono ngati akupita kuchimbudzi. Anazungulira kuseri kwa nyumba, natuma mayi wina kuti akamuitanire mkazi wake. Mwiche atatuluka n'kuona nkhope yake, anamvetsa. Anamanga chitenje bwino, namugwira dzanja lopindika lija.

Kumanda sanapite nawo. Anayenda kulowera kusiteji, Levy ali kumbali ya mipanda, osathamanga, chifukwa ankadziwa kuti munthu wothamanga mukomboni amaitana omuthamangitsa. Minibasi ya m'tauni inali isanadzaze. Anakhala pampando wapafupi ndi chitseko, ndipo mpaka basi inanyamuka, dzanja lake linali pa chogwirira.